Khadi la a Milimita

Achimwene anga amadula magalasi. Chaka chino akwanitsa zaka makumi anayi ali pa ntchito yomweyi, m'kashopu komweko, pakati pa wogulitsa matayala ndi mayi wosoka makatani. Dzina loti a Milimita adawapatsa ndi amisiri a mawindo. Munthu ukabwera n'kunena kuti ukufuna galasi la "pafupifupi theka la mita", amavula mandala awo n'kukuyang'ana ngati wawatukwanira makolo. "Pafupifupi ndi nambala yanji?" Akatero amakubweza kuti ukayezenso. Ine mlongo wawo ndimakhala pakauntala: kulemba malisiti, kuyankha foni, ndi kupepesa makasitomala amene iwo awakhumudwitsa. Ntchito yachitatuyi ndiyo imandithera tsiku.

Shopuyo ilibe zambiri. Muli tebulo lalikulu loyalidwa bulangete lakale, magalasi otsamira kukhoma m'mipata yamatabwa, ndowa ya zidutswa, ndi kabotolo ka parafini koviikamo chodulira. Galasi salidula ngati nsalu. Amaika rula, n'kukoka chodulira kamodzi, tsiii, kenako amagwira uku ndi uku, thyo! Mzere sabwereza, ndipo akalemba sadikira. Amati ukazengereza mzere umazizira, galasi limakathyokera kumene likufuna lokha. Kaya ndi zoona kaya ndi zonena za amisiri, ine sindikudziwa, koma zaka zonsezi magalasi amene adawononga sakwana khumi, ndipo onsewo amawakumbukira ndi miyeso yake.

Ntchitoyi adaiyamba atakanidwa ku usilikali chifukwa cha kufupika. Adakwatira mochedwa, mkazi wansangala amene ankaseka mpaka kugwira khoma, ndipo tonse tinkadabwa kuti alamuwo adaona chiyani mwa munthu wosaseka ngati ameneyu. Mwana adabereka mmodzi yekha, wamkazi. Tinkamutcha Kadona, chifukwa ali ndi zaka zinayi zokha ankakana kale kuvala sokosi zosagwirizana ndi diresi. Kuuma mutu adatengera bambo ake, osasiyako n'pang'ono pomwe.

Ngongole achimwene sankaifuna n'kuimva komwe. Ngakhale machesi sankakongola. Koma zaka zinayi zapitazo alamu adadwala impso, ndipo ndalama zimene adasunga moyo wawo wonse zidatha m'miyezi itatu. Adavala jekete n'kupita kubanki, n'kubwerako ndi khadi la ngongole, lija umagula lero n'kudzalipira pakutha pa mwezi, ukachedwa n'kukuthira chiwongoladzanja. Makhadi adapatsidwa awiri pa akaunti imodzi. Lina linali lawo, lina la Kadona, poti ndiye ankagona kuchipatala ndi amayi ake n'kumathamangira mankhwala m'mafamase. Chilichonse chogulidwa ndi makhadi awiriwo chinkatuluka pa sitetimenti imodzi, pepala limene banki imatumiza mwezi uliwonse, ndipo wolipira anali achimwene.

Kutatsala masabata awiri kuti alamu atisiye, Kadona adalowa m'sitolo yodula n'kugula diresi lobiriwira, la mtengo wofanana ndi mankhwala a mwezi wathunthu. Amayi ake anali atatopa ndi zovala zachipatala, ndiye adanena kuti akufuna aonekeko ngati munthu. Alamuwo adalivala masana amodzi atakhala pabedi, manesi n'kumasuzumira pakhomo kudzaona. Ine ndidalipo. Adaseka tsiku limenelo, ndipo kadali komaliza kuwamva akuseka.

Maliro atatha, sitetimenti idafika. Achimwene adatenga rula ndi cholembera chofiira, n'kujambula mzere pansi pa diresi lija. Pepalalo adaliika patebulo, pambali pa mbale imene Kadona ankadyera.

"Diresi la munthu woti tonse tinkadziwa kuti akupita?" adatero.

Kadona sadalire. Adamaliza kudya, adatsuka mbale yake. Kutacha anali atapita ndi chikwama chimodzi, ndipo sabata isanathe nambala yake idasiya kupezeka. Anzake adangoti adapita kumzinda wina, kutali, ulendo wa maola asanu ndi anayi pa basi. Kupitirira apo aliyense adatseka pakamwa.

Ine ndidawauza achimwene kuti pakamwa pawo n'pakuthwa kuposa zidutswa zili m'ndowa zija. Adandiyankha kuti, "Ndanama pati?" Sadaname, ndipo vuto lawo ndi lomwelo.

Miyezi inayi idadutsa kuli zii. Mwezi wachisanu sitetimenti idabwera ndi mzere wachilendo: khadi lachiwiri, sitolo ya buledi ya kumzinda kuja, ndalama yokwana mabanzi awiri. Mwezi wotsatira udabweranso mzere wina, sitolo ina, ndalama yochepa chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse pankakhala mzere umodzi, osati iwiri, ndipo nthawi zonse tsiku lake linkakhala pakati pa 20 ndi 25.

Ine ndinkati ndi mwano. Mwana wathawa bambo ake, foni watseka, koma m'thumba mwawo dzanja salichotsa? Achimwene sankatsutsa, sankavomereza. Abanki adawanyengerera kangapo kuti azilandira sitetimenti pafoni ngati anthu ena onse, iwo adakana, mpaka kulolera kumalipira kandalama ka pepala. Envulopu ikafika ankasamba m'manja, n'kukankhira chitseko cha shopu, n'kuitsegula ndi mpeni. Mizere ya ngongole yaikuluyo ankangoidutsa. Ankafuna umodzi wokhawo.

Adagula mapu a mzindawo n'kuwakhoma kuseri kwa chitseko, ndipo sitolo iliyonse imene yatuluka pa pepala ankaifufuza n'kuikapo kadontho. Madonthowo adaunjikana mbali imodzi, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Chaka chachiwiri, miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, mzere unkanena famase. Achimwene adaonda. Mwezi wachisanu ndi chiwiri mzere udatchula sitolo ya zovala za makanda. Adawerenga kawiri, adapinda pepala, adabwerera patebulo, n'kudula galasi la zenera la munthu moperewera mamilimita asanu. Umu ndi momwe adadziwira kuti ndi agogo. Kaya mdzukulu ndi mnyamata kaya mtsikana, pepala silinena.

Kamodzi adapitako. Adatseka ntchito masiku atatu, chinthu chimene sadachite ngakhale pa ukwati wanga, n'kukaima panja pa sitolo ya buledi ija ndi chithunzi chakale m'manja. Wogulitsa adawauza kuti pa tsiku amaona anthu mazana, sangakumbukire nkhope. Adabwerako miyendo itatupa, ndipo za ulendowo sadanenepo kanthu kupatula kudandaula kuti mawindo a basi adawaika mokhota.

Ngongole yaikulu ija adailipira zaka zitatu ndi miyezi iwiri. Adasiya shuga, adasiya kukwera basi yobwerera kunyumba, nsapato imodzi adaisoketsa kanayi. Tsiku limene sitetimenti idaonetsa ziro, ine ndidaomba m'manja ndekhandekha pakauntala.

"Basitu achimwene, chatha. Mawa mukatseke chinthu chimenechi."

"Ndamva."

Mawa lake sadapite. Sabata idatha, mwezi udatha. Munthu amene sadikira mzere kuzizira adasiya khadi lili m'thumba la jekete miyezi iwiri yathunthu, akungoti ndamva.

Zifukwa zanga zidali zomveka. Khadilo lili ndi ndalama yake ya pachaka, kaya ukuligwiritsa ntchito kaya ayi. Lachiwirilo lili m'manja mwa munthu amene sitikudziwa akukhala ndi ndani. Tsiku lina mwamuna wina wake adzalitenga n'kugula firiji, ndiye tidzayambirenso kusoka nsapato. Koma chifukwa chenicheni ndidawauza tsiku lina mvula itathamangitsa makasitomala.

"Achimwene, inu mukuweta pepala. Mukawerenga kamzere kanuko mumaona ngati mwacheza ndi mwana. Simunacheze naye. Zaka zitatu mawu ake simunawamve, mdzukulu simukumudziwa dzina. Ine zimandipsetsa mtima, ndipo zimandimvetsa chisoni."

Adapukuta chodulira ndi kansanza kwa nthawi yaitali.

"Mlongo, ndikatseka, akangoti zii, nditsala ndi chiyani?"

"Panopa muli ndi chiyani?"

"Ndikudziwa kuti ali moyo."

Nkhani yonse idali pamenepo. Kusunga khadi kunali kukhala ndi mzere umodzi pa mwezi mpaka kalekale, opanda liwu. Kutseka kunali kutaya mzerewo osadziwa ngati kubwera china m'malo mwake.

Chomwe chidawanyamula ndi kalata ya abanki yokumbutsa za ndalama ya pachaka ija. Adati akafunse bwinobwino, ndipo ine ndidapita nawo, poopa kuti akakhumudwitsa munthu kumeneko popanda wopepesa.

Adatikhazika pa desiki la mtsikana wina wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, waulemu ndithu. Atamva kuti tikuganiza zotseka, adayamba kuyala ubwino wa khadi ngati wogulitsa nsalu. Adati khadi lakale lolipiridwa bwino ndi mbiri yabwino. Tsiku lina akadzafuna ngongole ya makina kapena yokuzira shopu, banki idzawakhulupirira msanga. Adati matenda sagogoda, ndi bwino kukhala ndi pothawira.

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu," adatero achimwene. "Makina ndi manja angawa. Mbiri ndidzapita nayo kuti?"

Mtsikanayo adaseka mwaulemu. Adanenanso kuti ngati vuto ndi khadi lachiwirilo, atha kutseka lokhalo, lawo n'kulisiya.

"Langa ndilibe nalo ntchito. Mwini khadi lachiwiriyo nambala yake ya foni muli nayo?"

Mtsikanayo adayang'ana pakompyuta. Nambala imene idalipo idali yakale ija, ndipo adiresi inali ya kunyumba kwa achimwene omwewo.

Achimwene adatembenuza chipewa chili pabondo. Kenako adafunsa mwa mafunso awo aja, ofuna nambala yeniyeni.

"Nanga ine ndikafa, chimachitika n'chiyani?"

"Aa, bambo, musatero."

"Ndafunsa."

"Banki ikadziwitsidwa, akaunti imatsekedwa. Makhadi onse awiri amasiya kugwira ntchito."

"Winayo mumamuuza?"

"Timalemba kalata ku adiresi imene tili nayo."

"Yomwe ndi kwanga."

"Eya, bambo."

"Ndiye kuti iye adzapita kusitolo, adzapereka khadi, makina adzakana. Uthenga wa maliro anga ndi umenewo."

Mtsikanayo adayang'ana ine ngati ndimuthandize. Ine ndidayang'ana pansi.

"Bola likane ndili moyo," adatero achimwene. "Tsekani onse."

Adasaina mapepala atatu, atawerenga mzere uliwonse mpaka tizilembo ting'onoting'ono ta pansi, moti anthu a pamzere kumbuyo kwathu adayamba kutsokomola dala. Mtsikana uja adawapatsa sizasi. Adalidula khadilo pakati penipeni, n'kuika zidutswa ziwirizo padesiki mogundana bwino. Tsikulo linali pa 9.

Foni ya shopu ndi kam'manja kakale, koma nambala yake sidasinthe kwa zaka makumi awiri, ndipo idalembedwa ndi penti pachikwangwani panja. Kadona adailoweza asadayambe n'sukulu yomwe. Achimwene sadanene kuti akudikira, koma adayamba kuitchaja kawiri pa tsiku. Ndikachedwa pafoni ndi kasitomala ankagogoda tebulo ndi rula. Ntchito zokaika magalasi kunyumba za anthu adazikankhira mwezi wamawa, zonse.

Pa 20 padadutsa. Pa 21, pa 22. Foni ikalira ankaima chilili, chodulira chili m'mwamba, mpaka amve ndikuti, "Eya, a mamilimita anayi alipo." Pa 25 tidatseka mochedwa ndi theka la ola popanda chifukwa. Pa 26 adachotsa mapu aja kuseri kwa chitseko, adawapinda bwinobwino n'kuwaika m'dirowa.

"Ndalakwitsa muyeso," adatero.

Kunena zoona ine mtima unandiluma. Ndine ndidawakakamiza. Ndidayamba kuganiza kuti mwina ndikadawasiya ndi kapepala kawo, poti munthu wanjala sumulanda chochepa chomwe ali nacho pomulonjeza phwando.

Pa 28, Lachinayi, cha m'ma 11 m'mawa, foni idalira. Achimwene anali atawerama patebulo, akuyeza galasi la kabati ya mayi wina amene adaima pomwepo ndi ambulera yake. Nambala inali yachilendo. Ndidayankha monga mwa masiku onse.

Kumbali inayo kunali phokoso la magalimoto, ndi munthu akupuma mofulumira.

"Azakhali?"

Ndidagwira kauntala.

"Azakhali, ndine. Adadi amwalira liti? Bwanji simunandi..." Mawu adamuthera.

"Iwe mwana iwe! Amwalira ndani? Ali pano, akuyeza galasi la kabati."

Kenako ndidamva kulira kwa munthu wamkulu, kuja kosasamala kuti pamsewu pali anthu. Achimwene anali atafika kale pambali panga, tepi ikulendewera m'manja. Ndidawapatsa foni. Kafoniko kamafuula, moti ine ndi mayi wa ambulera uja tidamva zonse.

"Halo," adatero achimwene, ngati akuyankha kasitomala.

"Khadi lakana. Ndayesa pa 23, lakana. Ndayesa sitolo ina, lakana. Masiku asanu ndikuopa kuimba. Masiku asanu, adadi! Sindikudya, sindikugona."

"Ndinatseka. Ngongole inatha."

"Munatseka! Mukuganiza kuti ine ndimasowa ndalama ya mabanzi awiri? Ndimagwira ntchito ine. Ndimagula kuti ndione ngati likudutsa. Likadutsa ndimadziwa kuti mulipo, ndimapita kunyumba. Ndiye inu mwangodzuka n'kutseka, osaganiza kuti wina aganiza chiyani?"

Ine ndinkapemphera chamumtima kuti achimwene asafunse kuti walakwa ndani.

"Simunasinthe," adatero Kadona, akufwenthera. "Mpaka pano simunasinthe. Ndamva kuti muli moyo, basi. Musandiimbire. Mwamva? Musandiimbire."

Foni idaduka.

Mayi wa kabati adanena kuti abweranso masana, n'kutuluka monyang'ama, ambulera n'kuiiwala pakauntala. Achimwene adakhala pampando wanga, umene sakhalapo chikhalire. Adavala mandala, adayang'ana kafoni kaja nthawi yaitali. Nambala inali pomwepo, manambala khumi, yonse yathunthu. Misozi inkatsika n'kumalowa m'ndevu, iwo osaipukuta, ngati si yawo.

"Mlongo, wamumva bwino?"

"Ndamumva. Msewu wonse wamumva."

"Wati ine ndisamuimbire."

"Watero."

"Za iwe sananenepo kanthu."

Adandipatsira foni ndi manja awiri. Ndidapukuta zala pasiketi, n'kudina nambala ija. Isadalire kawiri, Kadona adayankha.